Manja a Girisi

Tambala wa kwa a Likoswe asanalire
iwe walira kale.
Amako sangadzuke msanga,
ulusi wa madokotala a ku Central
ukadali wokoka pamimba pawo,
ndiye ndadzuka ine,
wokonza njinga wa pa Mpondabwino,
kupapasa foni pansi pa pilo kuti itiunikire.

Masana manja awa ndi a zitsulo.
Amadziwa kulira kwa tcheni chouma,
amadziwa kuti ziwiri zikakhulana
popanda kanthu pakati
zimadyana mpaka kutha.
Koma girisi anakhazikika m'zikhadabo zanga
ngati mlendo wosatsanzika.
Ndasamba katatu ndi sopo
ndi kamwala kanga kotola ku Likangala
ndisanayerekeze kukukhudza.

Thewera lanyowa, lalemera.
Ndikumasula pini mosamala,
kulambalala mchombo wako umene sunagwebe.
Madzi ofunda a m'fulasiki,
kansalu kofewa kong'amba ku chitenje chakale.
"Osakhula ayi," anatero anesi a Mkwapatira ku Matawale,
"si limu la njinga ili, bambo.
Muzingogunditsa kansalu, madzi alowe okha."
Amayi onse pa benchi anaseka.
Ine ndinasunga mawuwo.

Tsopano tidikire uume.
Ndakugoneka chimbulanda pa thaulo
ndipo miyendo yako yayamba kupalasa
njinga imene ine sindikuiona.
Ukupita kuti usiku uno,
iwe wopanda ndi dzina lomwe?

Kunja chifunga chatsika phiri,
chameza Sadzi yense.
Mvula ya Januwale siinakate masiku anayi.
Matewera asanu alendewera pa chingwe m'nyumba muno,
onyowa ngati anachapidwa lero,
mawa ndiwasita ndi simbi ya makala.

Nako kabotolo.
Mafuta oyera, olimba, akuti muli zinki.
Ndinamata machubu asanu ndi awiri kuti ndikagule.
Azakhali ako anabwera ndi kachitini ka paudala,
ati tonse tinakulira zomwezi.
Ndinakalandira ndi manja awiri
n'kukaika pamwamba pa kabati
pomwe kali mpaka lero.

Sindinaiwale mwana wa a Jafali kuseri kwa khomali.
Anafiira ngati tsabola wakupsa,
khungu kusupuka, thewera likamugunda n'kukuwa.
Sabata yathunthu tinachezera naye tonse,
ife mbali ino, iwo mbali iyo,
mpaka anamutengera kuchipatala.
Mpanda amamanga mbuzi zisanalowe m'dimba.

Ndikutapa ndi chala cha mkombaphala.
Khungu lako n'lopyapyala kuposa pepala la fodya,
chala changa n'chokakala ngati tayala la kumbuyo,
ndiye ndikuyenda pang'onopang'ono,
pa timatako, m'makwinya a tintchafu,
monse mobisala chinyezi,
mpaka payere ngati khoma lopaka laimu.
Mkodzo ukabwera, ndipo ubwera,
mwina ndisanatseke n'komwe kabotoloka,
upeze chitseko chotseka.
Uterereke, upite zake.

Wasiya kulira.
Ukundiyang'ana ndi maso a munthu
amene akuyesa kukumbukira komwe anandionapo.

Thewera louma, lomaliza.
Pini. Zala ziwiri zilowe m'chiuno, lisathine.
"Mwapaka?" akufunsa amako ali m'tulo.
Ndapaka.
"Pamchombo ayi?"
Pamchombo ayi.

Kukacha a kabaza adzandipeza pansi pa mtengo wanga uja
ndi mahabu awo olira, mabelingi ouma.
Ndidzatsegula chitini chakuda monga mwa masiku onse.
Anyamata adzandiseka poyasamula,
adzati wakalamba usiku umodzi.
Ndidzangopitiriza kumanga sipoko,
ndipo palibe adzaone
kuti pa zala khumi zakudazi
chimodzi chili ndi kamzere koyera m'chikhadabo
kamene sopo anakaphonya.